Tikupita ku Gold Reef City mu December, tivale chani, tinyamule chani?

Mayi wina wa ku Lilongwe wafunsa motere: "Bambo a kunyumba amagwira ntchito ku Joni, nde chaka chino atiitana kuti tikadyere Khisimisi komweko, ineyo, ana atatu, wamkulu wa zaka 13, wina 8, kachitsiriza ka zaka 3, komanso apongozi anga. Alonjeza anawa kuti akatitengera ku Gold Reef City. Ine malo otere sindinapondeko chibadwire. Zovala zatsopano ndagula kale, nsapato zomwe, wigi yabwino ndithu ndili nayo. Tikavale bwanji ndipo tinyamule chani?"

Zikomo mayi pofunsa. Ine ndakhala ku Joni kuno zaka zambiri, ndipo ana a kutchalitchi kwathu akamapita kokasangalala kapena abale akabwera kuchokera kumudzi amene amaperekeza ndine, nde pa geti la Gold Reef City, paki ya zokwerakwera ya kuno ku Johannesburg, ndalowapo kambirimbiri, ndi ana, ndi agogo, ndi amayi oyamwitsa omwe. Ndiyambe ndi mawu amene mwina sakukomerani. Zovala mwagulazo zisungeni, mudzatchene nazo kutchalitchi pa 25. Ku paki kuja mukayenda tsiku lonse, mukanyowa, mukazondoka mutu pansi miyendo m'mwamba, ndipo chovala chimene chingapirire zitatu zimenezi ndi chimene mukufunika kuvala. Zithunzi zimatuluka bwino ndithu ngakhale mutavala sikipa, chifukwa chimene chimaoneka pachithunzi ndi nkhope za ana akusekerera.

Kaye mudziwe nyengo yake, poti ambiri ochokera kumudzi amasokonezeka apa. Akamati summer ku Joni musaganize za chilimwe chathu cha October chouma gwa chija. December wa kuno ndi dzinja, kungoti mvula yake ili ndi khalidwe lakelake. Kumacha bwinobwino, thambo lili mbee, dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, nde pofika masana mitambo imayamba kuunjikana, cha m'ma 3 kapena 4 mabingu, ziphaliwali, chimvula cha mphamvu, nthawi zina ndi matalala omwe, kenako pakatha ola limodzi kwayeranso. Sikuti tsiku lililonse ayi koma zimachitika pafupipafupi moti munthu wanzeru amakonzekera ngati zichitika. Kutentha kwake sikufika kwa ku Chikwawa kapena ku Salima, masana kumasewera cha m'ma 26 digiri, nde anthu amati aah dzuwa lake ndi lofewa ili. Apa ndi pamene amapsera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, Lilongwe ili cha m'ma 1,050, ndipo mukamakwera pamwamba dzuwa limaluma kwambiri pakhungu ngakhale kamphepo kakuwomba kozizira. Simumva kuti mukupsa mpaka madzulo posamba.

Tiyambe ndi kumapazi poti ndi kumene tsiku limaonongekera. Nsapato zatsopano ayi mayi, chonde. Kaya ndi zanu kaya za ana. Nsapato imene phazi silinaizolowere pofika 11 koloko imakhala yatulutsa matuza pachidendene, ndipo mwana wa matuza sayendanso, mumunyamula ndinu. Ngati mukufunitsitsa kuti ana akavale zatsopanozo ayambe kuzivala pano, kumsika, kutchalitchi, kosewera, masabata awiri kapena atatu zisanafike tsikulo. Zofunika ndi nsapato zotseka zomanga ndi zingwe, zija kuno amati ma takkies, ndi sokosi. Patapata, masilipasi, zigogo zosamanga kumbuyo, gogoda, zonsezi zitsale kunyumba. Chifukwa chake ndi ichi. Pali chokwera china chotchedwa Anaconda, chinatsegulidwa mu 1999, chimene mipando yake imalendewera kunsi kwa njanji, miyendo yanu imangolendewera m'malere popanda popondapo, ndipo chimathamanga mpaka 90 km pa ola nkumakuzondotsani kasanu. Patapata pamenepo imauluka basi. Chinthu chikagwera pansi pa njanji simungakatole nokha, malowo ndi otchingidwa ndi mpanda chifukwa ndi oopsa, ndipo palibe amene angaimitse makina chifukwa cha nsapato imodzi. Ndinaonapo mnyamata wa gulu lathu akuyenda ndi nsapato imodzi kuyambira m'mawa mpaka tinakamugulira zina, simenti ikumuotcha phazi, ndinamumvera chisoni kwambiri poti anali atadikira tsikulo chaka chonse.

Nde wigi ija. Ndikudziwa ndi ndalama zambiri ndipo mukufuna bambo akakuoneni mutatchena, koma mphepo ya pa Anaconda kapena pa Golden Loop, kasitima kamene kamachoka ndi liwiro nthawi imodzi nkuzungulira kenako nkubwereranso chambuyo, siisiya wigi yongovala. Mayi wina tinali naye wigi inamuchoka pamaso pa anthu, anatsika akulira ndipo sanakwerenso chilichonse tsiku lonse. Lukani tsitsi, mizere yobwerera kumbuyo kapena ma braids aafupi oti mutha kuwamanga pamodzi. Ma braids aatali ofika m'chiuno amangidwe ndithu asamalendewere, akhoza kukodwa pa zitsulo zomangira pampando. Mfundo yake ikhale m'munsi cha kukhosi, osati pakati pa mutu kumbuyo, chifukwa mutu umafunika utsamire bwino pa mpando. Ngati muli ndi kamtsikana musakaike mikanda yambiri yolimba kutsitsi, ikamagunda pampando imapweteka. Ndolo zikuluzikulu zolendewera, mikanda ya m'khosi, zibangili, zisiyeni. Zomangira za pamapewa zija mutu umagundagunda m'mbali mwake ndipo ndolo yaikulu ikhoza kung'amba khutu.

Chovala chenicheni, sikipa yopepuka ya kotoni kapena nsalu ija ya ma jersey a mpira imene imauma msanga, ndi buluku lopepuka kapena kabudula wofika m'mawondo. Jinzi yolemera sindiikonda pa tsiku ngati ili. Pali Raging Rapids, bwato lozungulira limene mumakhala anthu angapo nkumatengedwa ndi madzi, ndi Log Ride, bwato looneka ngati chipika limene limatsetsereka kuchokera pamwamba nkugwera m'madzi, ndipo pa ziwirizi kunyowa nkosapeweka, nthawi zina mpaka zamkati. Jinzi ikanyowa imatenga maola kuti iume, imalemera, imakhula m'ntchafu mpaka kusupuka. Zoyera nazo ayi, zikanyowa zimaonetsa zonse zamkati, makamaka ganizirani wa zaka 13 uja ngati ndi mtsikana, pa msinkhu umenewo manyazi otere amamukhala mumtima nthawi yaitali. Amene ntchafu zimakhulana mukamayenda valani kothina kamkati kofika pakati pa ntchafu, kapena pakani Vaseline pamalopo musananyamuke.

Mwina inu simuvala buluku, makamaka pamaso pa apongozi, ndipo zimenezo ndikuzimvetsa, ambiri amene ndimayenda nawo ndi otero. Njira yake ilipo. Valani diresi kapena siketi yofika pansi pa mawondo koma yosakhala yotambalala kwambiri, mkati muvale ma leggings. Mipando yambiri ili ndi chitsulo kapena lamba wodutsa pakati pa miyendo, nde siketi yokha imakwera m'mwamba ndipo inu m'malo mosangalala mumakhala mukulimbana nayo. Chitenje chomanga m'chiuno pokwera ayi, chimamasuka, ndipo nsalu yolendewera pafupi ndi makina ndi ngozi. Koma chitenje musachisiye kunyumba, chilowe m'chikwama, ndipotu tengani ziwiri. Palibe chinthu chimene chimagwira ntchito zambiri ku paki kuposa chitenje, mupukutira ana akanyowa, muyala pokhala, mutchingira kamwana dzuwa kakagona, muberekera kakatopa, madzulo kukazizira mufunditsa, ndipo potsika pa chokwera mukhoza kumanganso m'chiuno ulemu wanu nkukhalapo.

Za dzuwa ndikufuna tikambe pang'ono chifukwa pali bodza limene tinakula nalo lakuti khungu lakuda silipsa. Limapsa, limangochedwerapo. Mphuno, chipumi, pamwamba pa makutu, kumbuyo kwa khosi, mapewa, ndi mipata ya pakati pa mizere ya tsitsi loluka kumene, zonsezi zimasupuka. Gulani sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wolembedwa SPF 30 kapena kuposa apo, ku Clicks kapena ku Dis-Chem amapezeka, pakani mphindi 15 kapena 20 musanatuluke panja, ndipo mubwerezenso pakatha maola awiri alionse ndiponso mukanyowa. Kupaka kamodzi m'mawa nkuiwala sikuthandiza. Vaseline, glycerine ndi mafuta odzola wamba sateteza ku dzuwa ngakhale pang'ono. Ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, ndikunena mwachikondi, khungu lanu ndi lofooka pa dzuwa kuposa la ena, musatuluke opanda sunscreen ndi chipewa. Ndipo ngati m'banjamo muli mwana wachialubino, iyeyo ndiye afunika SPF 50, malaya a manja aatali, chipewa cha khonde lalikulu ndi magalasi a dzuwa, popanda kunyengerera. Chipewa aliyense akhale nacho, cha khonde chimaposa kapusi poti chimaphimba makutu ndi khosi, kungoti pokwera chivulidwe chilowe m'chikwama. Magalasi a maso kwa amene saona bwino popanda iwo, mugule kachingwe komangira kumbuyo.

Madzi. Ana akasangalala samva ludzu, sadzakuuzani, nde musadikire kuti apemphe. Aliyense akhale ndi botolo lake, ndipo lamulo limene ine ndimaika ndi lakuti tikatsika pa chokwera chilichonse tonse timwe kaye tisanapite pa china. Zakumwa zotsekemera ana adzazifuna ndithu, apatseni koma zisalowe m'malo mwa madzi. Zizindikiro zoti munthu dzuwa lamukwana ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, mwana kungoyamba kulira kosadziwika bwino kapena kungoti zii amene anali wolongolola, ndi mkodzo wachikasu kwambiri kapena kusakodza kwa maola ambiri. Mukaona zimenezi mukhazikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mupukuteni ndi chitenje chonyowa, amwe pang'onopang'ono. Ponyamuka ku Lilongwe ponyani mapaketi awiri a Thanzi m'chikwama, salemera. Munthu akayamba kusokonezeka mutu, kuyankhula zosamveka kapena kukomoka, musayese zapakhomo, itanani ogwira ntchito pa paki nthawi yomweyo akutengereni kwa a chithandizo choyamba. Apongozi muwayang'anire kwambiri pa nkhani imeneyi, akuluakulu safuna kuvutitsa anthu nde amangopirira osanena.

Tili pa apongozi pomwepa. Pakhomo pa chokwera chilichonse chachikulu pamakhala chikwangwani chochenjeza a BP, a vuto la mtima, a msana kapena khosi, amene anachitidwa opaleshoni posachedwa ndi amayi oyembekezera. Muwerenge ndipo mumvere, ngakhale ana akakamize bwanji kuti agogo tiyeni. Tower of Terror mwachitsanzo imakugwetsani chamutu mamita pafupifupi 50 mpaka kulowa m'dzenje pansi, si ya munthu wa mtima wofooka. Ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga anyamule, ndi kachakudya koti shuga akatsika alume. Koma musaganize kuti akangokhala pa benchi kulondera zikwama. Paki imeneyi inamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, pa Shaft 14 ya Crown Mines, ndipo nyumba zake anazimanga mofanizira Johannesburg wa nthawi imene golide anapezeka mu 1886. Pali ulendo wotsikira pansi mu mgodi, amakupatsani chisoti ndi nyali, komanso amaonetsa mmene amathirira golide wosungunuka. Kwa ife a ku Malawi malo amenewo si wamba. Amuna ambirimbiri a kwathu anabwera kuno pa Wenela kudzakumba m'migodi ya m'dera lino, ndipo ndaonapo agogo ena atatsika pansi paja akungokhala chete, kenako nkuyamba kufotokozera zidzukulu za bambo awo kapena amalume awo amene anapita ku Joni. Afunseni apongozi ngati kwawo kunali wina wotere, mwina tsikulo lidzakhala lawo kuposa la ana. Pansipo pamazizira ndipo pamakhala ponyowa, nde kajuzi ndi nsapato zotseka zija zigwiranso ntchito. Mufunse pa geti nthawi za ulendowu ndi msinkhu wa ana amene amaloledwa, kachitsiriza kakhoza kutsala ndi mmodzi wa inu. Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya ulamuliro wa tsankho, nayo ili pafupi pomwepo koma imeneyo ipatseni tsiku lakelake, simungaphatikize.

Chinthu chimene chimaliza ana ambiri pa paki ndi kutalika. Zokwera zikuluzikulu sayang'ana zaka, amayeza msinkhu ndi ndodo pakhomo, ndipo akapereweza ngakhale pang'ono salowa, kuchonderera sikuthandiza ndipo nkoyenera kutero chifukwa zomangira zija mwana wamfupi sizimugwira bwino. Wa zaka 8 uja ndi amene ali pamalire. Muyezeni kunyumba ndi tepi, bambo aone pa webusaiti ya paki kuti chokwera chilichonse chimafuna msinkhu wanji, nde mumuuziretu kuti ichi ukwera ichi udzakwera ulendo wina. Akadziwiratu kunyumba savutika mtima ngati mmene amachitira akabwezedwa pakhomo ataima pamzere theka la ola. Zake ziliko zambiri, kasitima kakang'ono ka Shongololo, chigudumu chachikulu chozungulira cha Giant Wheel, ndi malo a ana aang'ono kumene kachitsiriza nako kakasangalale. Pa webusaiti pomwepo aonenso masiku ndi maola otsegulira, agule matiketi pa intaneti tsikulo lisanafike, ndipo aone lamulo la zakudya zochokera kunja musanavutike kukazinga nkhuku usiku, mapaki ambiri salola. Ngati nkotheka sankhani tsiku la mkati mwa sabata. Masukulu akatseka kumadzaza, ndipo 16 December ndi holide kuno, 26 December chimodzimodzi, mizere yake mukhoza kukwera zinthu zinayi zokha tsiku lonse.

Fikani geti lisanatsegulidwe. Mukangolowa, bambo ndi wamkulu uja athamangire zikuluzikulu, Anaconda, Tower of Terror, Golden Loop, mizere isanatalike komanso mitambo isanabwere, chifukwa kukayamba ziphaliwali zokwera zazitali amaziimitsa ndipo simudziwa kuti atsegulanso nthawi yanji. Za madzi zija muzikwere cha m'ma 11 mpaka 1 dzuwa lili pamutu kuti muume msanga, osati 4 koloko, mudzabwerera kunyumba mukunjenjemera. Chakudya cha m'mawa mudye ndithu koma chopepuka, tiyi, buledi, dzira, nthochi. Mimba yopanda kanthu imachititsa nseru, yodzaza ndi nsima nayo chimodzimodzi. Mukadya masana dikirani kaye ola musanakwere zozungulira, nthawi imeneyo ndi yabwino kukaona za golide zija kapena kukwera Giant Wheel. Mvula ikayamba lowani m'nyumba, osabisala pansi pa mtengo, mphenzi za kuno si zamasewera.

Chikwama chikhale chimodzi choberekera kumsana, osati handbag aliyense yake. Muikemo zovala zosinthira za ana, kachitsiriza mapeya awiri ndi zamkati zomwe, sikipa imodzi yanu, sokosi zouma za aliyense poti phazi lonyowa ndi limene limachita matuza, majuzi opepuka chifukwa mvula ikagwa kumazizira ndithu, ma raincoat a pulasitiki opyapyala aja, ma jumbo angapo oikamo zonyowa, mapulasitala, Panado, tishu ndi sunscreen uja. Ambulera ndi yovuta pakati pa anthu ambiri. Foni, ndalama, khadi ya ku banki ndi mapepala anu a ulendo zilowe mu kapulasitiki kotseka pakamwa kenako m'thumba la zipi kapena kachikwama ka m'chiuno, pasipoti yonyowa ndi mavuto aakulu pobwerera pa boda. Foni m'thumba la kumbuyo ayi, ndipo kujambula muli pa chokwera ayi, ikapulumuka m'manja pa liwiro limene lija ikhoza kuvulaza munthu amene ali kumbuyo kapena pansi. Power bank tengani, mabatire amatha ndi mavidiyo ndipo madzulo mudzafuna foni yoitanira galimoto. Popeza kamwana kakang'ono sikakwera zikuluzikulu, nthawi zonse padzakhala wamkulu mmodzi pansi wosunga chikwama, muzisinthana ndi bambo kuti nanunso mukwereko, musapite ulendo wonsewu kukangogwira zikwama.

Za ndalama mugwirizane ndi ana musanalowe. Mkatimo muli timasewera toponya mpira kuti uwine chidole, ayisikilimu, zithunzi zogulitsa, zonse zolipira padera, nde mukauza aliyense kuti yako ndi iyi ikatha yatha mumapewa kulira kwa masana.

Chomaliza ndi chimene ine sindinyengerera pa ulendo ulionse, kusochera kwa ana. Pa chigulu cha anthu mwana wa zaka 3 amasowa pa kanthawi kongoyang'ana foni. Avekeni ana masikipa a mtundu wowala, wachikasu kapena wa olenji, onse ofanana ngati mungathe, pa kaunjika mupeza. M'mawa musananyamuke ajambuleni chithunzi chathunthu aliyense, kuti ngati wina wasowa muonetse alonda mmene wavalira lero lomwe. Lembani nambala ya foni ya bambo, ya ku South Africa, pa mkono wa ana awiri aang'onowo ndi cholembera chosafufutika, chifukwa ana anu akachita mantha adzayankhula Chichewa ndipo amene awapeze mwina sadzamva. Ana okulirapo awiriwo muwaonetse Giant Wheel mukangolowa, imaoneka kuchokera kutali, muwauze kuti tikasowana ukaime pamenepo osachokapo, kapena upite kwa munthu wovala yunifolomu ya paki, osatsatira munthu wina aliyense. Foni yanunso ikhale ndi SIM ya kuno yokhala ndi mayunitsi, ndipo apongozi muwalembere nambala zonse papepala aike m'thumba.